Chatbot ikugwira pa debug koma pa release yangoti zii

Wakudowa:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndikupanga app ya sitolo ya mlamu wanga pa Flutter (chida chopangira ma app), ndipo ndaikamo SDK (code yokonzedwa kale) ya chatbot kudzera mu fayilo ya pubspec.yaml. Ndikamayesa pa debug (mtundu woyeserera) imayankha bwinobwino. Koma ndikapanga APK (fayilo yoikira app pa Android) ya release, mtundu womaliza wopatsa anthu, n'kuika pa foni, uthenga umangozungulira osayankhidwa. Bandulo ilimo. Chalakwika n'chiyani?

Nachisale_dev:
Achimwene, tsegulani fayilo ya android/app/src/main/AndroidManifest.xml muone ngati muli chilolezo cha android.permission.INTERNET. Flutter imaika chilolezochi m'mafoda a debug ndi profile, chifukwa hot reload (yoonetsa zomwe mwasintha mu code nthawi yomweyo) imachifuna, koma mu main mumalemba nokha. Mzere wa chilolezocho ukhale pamwamba pa tag ya application, osati mkati mwake.

Mkulu_wa_seva:
Achemwali anena zoona. Ine nkhawa yanga ndi ina: API key (kiyi yachinsinsi yolumikizira app ku chatbot) mwaiika kuti? Ngati ili mu code ya app, ichotsenimo lero lomwe. APK aliyense angathe kuimasula n'kuona key yanu, akaigwiritsa ntchito wolipira ndinu. App izilankhula ndi seva yanu, sevayo ndiyo isunge key.

Wakudowa:
Chilolezo chija munalibedi, tsopano ikuyankha. Za sevazo, Cloud Functions ya Firebase (yoyendetsa code pa seva za Google) ingakwane?

Mkulu_wa_seva:
Ikwana, bola mukhale pa pulani yolipira ya Blaze.