Chakudya cha pa tsiku la nkhoswe ya tchalitchi: tingatani kuti osowa asamabwerere kunyumba osadya?

Mlembi wa mphakati, Limbuli

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira mwezi watha. Ndine mlembi wa mphakati pa tchalitchi chathu chaching'ono cha Katolika kufupi ndi Limbuli, ndipo chaka chilichonse, pa tsiku la nkhoswe ya tchalitchichi, ndiye kuti woyera amene tchalitchichi chimadziwika ndi dzina lake, timadyera pamodzi Misa ikatha. Kale banja lililonse linkabwera ndi chimene lili nacho, wina ufa, wina nandolo, wina chinangwa kapena mtolo wa nkhuni, ndipo amayi ankaphikira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Zaka zitatu zapitazo bungwe loyendetsa tchalitchi linagwirizana kuti tizisonkha ndalama zogulira mpunga, nkhuku ndi zakumwa za m'mabotolo, ndipo wosonkha amapatsidwa kakhadi koonetsa polandira chakudya. Chaka chino munthu wamkulu amayenera kupereka K5,000.

Misa itatha, ndinaona agogo ena a mumphakati wathu, amene sajomba ku mapemphero a pakati pa sabata ngakhale kugwe chiperoni chotani, akukutumula chitenje chimene anakhalira, kugwira adzukulu awo awiri padzanja n'kuyamba ulendo wa kwawo. Nditawathamangira anandiyankha mwaulemu kuti asiya mbuzi zosamanga, koma ine ndikudziwa kuti mbuzi zawo zinapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo sanagulenso zina. Madzulo nditatsegula kaundula ndinapeza kuti ambiri mwa amene sanasonkhe ndi omwewo amene amasesa tchalitchi Loweruka ndi kugona pa maliro. Kodi kwanu mumachita bwanji kuti chikondwerero chiyende mwadongosolo popanda kusiya ena kunja? Ndikufuna kukalankhula ku bungwe, koma sindikufuna kuoneka ngati ndikunyoza amene anakhetsa thukuta pokonza mwambowu.

Mayi wa Mvano, Bvumbwe

A mlembi, ine ndine wa CCAP, koma zimene mwafotokozazi zinatigwerapo ifenso, ndipo chimene chinatitsegula maso ndi maliro. Pa maliro palibe amene amafunsidwa khadi, chonsecho anthu amakhala ambiri kuposa a pa chikondwerero chilichonse, ndipo nsima imakwanira chifukwa khomo lililonse limatulutsa kambale ka ufa popanda wina kuyeza kuti uyu wabweretsa wochepa. Tinadzifunsa kuti ngati timatha kudyetsana tikulira, chikutikanika n'chiyani tikamasangalala?

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi, chifukwa ife tinalakwitsapo. Poyamba tinaganiza zowagulira makhadi amayi amasiye ndi okalamba, ndipo mayina awo anawerengedwa pa zolengeza monga anthu oti athandizidwa. Sabata ya chikondwererocho ambiri a iwo sanabwere n'komwe ku mapemphero. Munthu wosowa salakalaka kudyetsedwa pamaso pa anthu, koma amafuna kuti naye akhale ndi gawo lake pa mphikawo. Tsopano ntchito timagawa m'milaga, ndipo mlaga uliwonse umadziwa wokha kuti ndani angabweretse ufa, ndani nkhuni, ndani angatunge madzi kapena kutsuka miphika. Agogo ngati amene mwatchulawo ndi amene timawapatsa udindo wa thobwa, pakuti atsikana a masiku ano ambiri sadziwa nthawi yothirira chimera. Phala likapsa, iwo amaviika chala kuti amve ngati lazizira mokwanira, amathira chimera n'kuvundikira kuti ligone, ndipo m'mamawa amaliwiritsanso. Mlendo akamwa n'kufunsa kuti thobwa lokomali waphika ndani, dzina lotchulidwa ndi lawo, ndipo munthu wotere sangachoke chakudya chisanagawidwe.

Muganizirenso za nyengo. Ife chiyanjano chachikulu timachita pambuyo pa zamasika, mu Juni kapena Julayi, pamene m'nyumba zambiri muli kachimanga. Mu Januwale ndi Febuluwale ufa umakhala wogula, ndipo amene amatchola tiyi amakhala pa ntchito yaikulu ya chaka.

Msungichuma wa tchalitchi, Luchenza

Ndikugwirizana ndi amayi a ku Bvumbwe pa zambiri, koma ndiloleni ndilankhulireko bungwe, chifukwa ndakhala ndikusunga thumba la tchalitchi kwa zaka zingapo ndipo ndikudziwa chimene chimachititsa kuti anthu asankhe ndalama. Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje minda ndi yaing'ono, malo ambiri abwino ali pansi pa tiyi, ndipo mabanja ochuluka amadya chimanga chogula kwa miyezi yambiri ya chaka. Kwa munthu wolandira malipiro ku esiteti kapena wochita geni pamsika, kupereka ndalama n'kosavuta kusiyana ndi kutapa ufa umene wagulanso. Komanso pa tsiku la nkhoswe mumabwera bambo mfumu, makwaya a m'matchalitchi oyandikana nawo ndi alendo ena oitanidwa, ndipo wokonza mwambo sangagone tulo asakudziwa kuti ndiwo zilipo zochuluka bwanji.

Cholakwika, m'mene ndikuonera ine, n'chakuti tinasakaniza zinthu ziwiri. Kusonkha ndalama za chitukuko kuli ndi nthawi yake, monga Paper Sunday, pamene aliyense amadziwa kuti tabwera kudzapereka za malata kapena simenti. Tikayamba kuyembekezera kuti pa chakudya cha chiyanjano patsale phindu, mtengo wa khadi umakwera chaka ndi chaka. Ndikupemphani kuti mukafunse ku bungwe, mwaulemu, kuti pa K5,000 imeneyo ndi zingati zinapita ku chakudya chenicheni, zingati ku zakumwa za m'mabotolo ndi tebulo la alendo olemekezeka. Ife titawerengetsera tinachotsa zakumwa za m'mabotolo, tinabwerera ku nsima, ndipo chopereka chinakhala cha banja, chimene mphakati umatolera mwakachetechete, kaya ndi ndalama kaya ndi zinthu. Khadi tinalithetsa.

Katekisiti wopuma, Thyolo

Mwana wanga mlembi, usaope kukalankhula, chifukwa nkhaniyi ndi yakale ngati Mpingo womwe. Mu kalata yoyamba ya kwa Akorinto, mutu 11, Paulo Woyera akudzudzula akhristu amene posonkhana ena ankadya n'kukhuta pamene ena ali ndi njala, ndipo akunena kuti kutero n'kuchititsa manyazi amene alibe kanthu. Ukayambe ndi kuwerenga ndime imeneyo pamodzi ndi anzako a m'bungwe, usanatchule za khadi, kuti wina asaone ngati ukuloza chala iye.

Uwakumbutsenso chifukwa chimene miphakati inayambira. Maepiskopi a m'bungwe la AMECEA, lomwe limasonkhanitsa maepiskopi a Katolika a m'maiko a kum'mawa kwa Africa kuphatikizapo Malawi, anakambirana za magulu aang'ono a akhristu mu 1973, ndipo mu 1976 anagwirizana kuti imeneyi ikhale ntchito yotsogola pa utumiki wawo. Kuno kwathu Ambuye Patrick Kalilombe, ali episkopi wa Lilongwe, analimbikitsa kwambiri kuti akhristu oyandikana nyumba azipemphera, kuyenderana ndi kusenzerana mavuto. Choncho chiyanjano chenicheni chimayambira pakhonde la munthu, pamene mwayala mkeka, mwagawana Mawu, kenaka mwini nyumba watulutsa chinangwa chophika kapena nthochi. Ndaona miphakati ina ikulumpha nyumba za osauka pa ndondomeko ya mapemphero, ati kuti asawavutitse ndi alendo, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa za khadi zija. Kodi mphakati wanu unapemphererako liti kunyumba kwa agogo amenewo? Ngati papita nthawi, mupiteko, ndipo aliyense anyamule kake kuti iwo asade nkhawa ndi chokupatsani.

Za tebulo la alendo sindikutsutsa, chifukwa kulemekeza mlendo ndi mwambo wathu, koma mphika ukhale umodzi. Ansembe ambiri amene ndinagwira nawo ntchito ankakondwa kudya nsima ya nandolo pamodzi ndi akhristu awo, ndipo kawirikawiri ndife a m'bungwe amene timawapatula.

Mlembi wa mphakati, Limbuli

Zikomo kwambiri nonse. Funso la a katekisiti landilasa mtima, pakuti nditayang'ana m'kaundula ndapeza kuti kunyumba kwa agogo aja tinapemphererako komaliza namondwe uja asanabwere, ndipo amene ndimalemba ndondomeko ndine. Ndakambirana ndi a wapampando a mphakati ndipo tagwirizana kuti Lachitatu likudzali tikakumane kumeneko. Bungwe likhala pansi Lamulungu loyamba la mwezi wa mawa, ndipo ndapempha kale kuti nkhani ya khadi ndi ya kagwiritsidwe ntchito ka ndalama iikidwe pa mndandanda wa zokambirana. Amayi a ku Bvumbwe, ndithandizeni pa chimodzi: pa anthu okwana ngati 200, chimera chimafunika chochuluka bwanji, ndipo mumayamba kuviika chimanga chake kutatsala masiku angati?