Galu wanga akudzikanda mpaka magazi, ndimusinthirenso chakudya?

Make Bingo:
Moni nonse, ndithandizeni nzeru. Bingo wanga ali ndi zaka ziwiri. Pamwamba pa mchira ubweya wathothoka, khungu lada ndi kukhakhala, ndipo usiku ndimadzidzimuka ndi phokoso la mano akudziluma m'ntchafu. Mapazi amanyambita mpaka ubweya woyera wa pakati pa zala wasanduka wofiirira. Khutu limodzi likununkha. Adokotala a ziweto anamupatsa mapiritsi a prednisolone, kuyabwa kunatheratu, koma anayamba kumwa madzi osalekeza n'kumakodza paliponse. Mapiritsi kutha, zonse zayambiranso. Mnzanga akuti thupi lake ladana ndi nyama ya nkhuku. Ndasiya kumupatsa koma palibe chasintha. Nthata sindinaionepo ngakhale imodzi. Ndichotsenso chiyani m'mbale mwake?

Gogo wa Agalu:
Mwanangu, za m'mbalezo zisiyeni kaye. Pamwamba pa mchira ndi m'ntchafu zakumbuyo ndi malo a nthata enieni. Poti simunazione musanamizike. Galu amene thupi lake limadana ndi malovu a nthata, zingomuluma ziwiri zitatu basi, ayabwidwa masiku ambiri, ndipo zinazo amameza yekha podziluma.

Tengani pepala loyera, mulinyowetse, mumupese Bingo pamwamba pake ndi chipeso cha mano othithikana. Tukagwa tinthu takuda n'kusungunuka mofiira, ndi ndowe za nthata zimenezo, magazi ake omwe. Komanso zimene zili pa galu n'zochepa. Mazira ndi timphutsi zili pogona pake ndi m'ming'alu ya pansi. Zogonera muchape ndi madzi otentha, ndipo chiweto chilichonse cha pakhomo chilandire mankhwala miyezi itatu osadumphitsa.

Kadzidzi:
Agogo anena zoona, ine ndingowonjezera mphere. Adokotala apale khungu pang'ono aone pa makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso, makamaka ngati m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono muli nkhanambo. Mwayi wake mapiritsi monga NexGard, wa mwezi ndi mwezi, kapena Bravecto, wa masabata 12, amapha nthata ndi tizilombo ta mphere tomwe.

Za nkhukuzo, achemwali, kungochotsa nyama imodzi sikukuuzani kanthu, poti chakudya cha agalu cha m'matumba nthawi zambiri chimakhala ndi nkhuku kale. Kuyesa kwenikweni n'kowawa: masabata 8 akudya nyama imodzi yokha imene sanailawepo, kapena chakudya chapadera cha kwa dokotala. Osamuponyera fupa, osamupatsa zotsala patebulo, ana musawaiwale kuwauza. Akachira mumubwezere chakudya chakale chija. Kuyabwa kukabwerera, ndiye mwagwira mbava. Zimene zimavuta agalu ambiri ndi nyama ya ng'ombe, mkaka, nkhuku ndi tirigu. Kuyeza magazi pa nkhani ya chakudya musataye nako ndalama, sikodalirika.

Bambo a Simba:
Ine ndikuona mwina. Nthata zilipo kapena palibe, mapazi ndi khutu lonunkhalo zikundikumbutsa wanga. Wangayu vuto lake ndi mungu wa maluwa, udzu ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba, ndipo matenda amenewa amakonda kuyamba galu ali pakati pa miyezi 6 ndi zaka 3, msinkhu wa Bingo womwewo. Sachizika, timangowagoneka. Amamwa Apoquel, anayamba kawiri patsiku kwa masiku 14, pano kamodzi. Saperekedwa kwa galu wosakwana chaka. Ena amabayitsa jakisoni wa Cytopoint, amene amagwira masabata 4 mpaka 8. Akabwera koyenda ndimamutsuka mapazi, ndipo shampu ya chlorhexidine ndimaisiya pathupi mphindi 10 ndisanamutsukuluze. Mphindi zimenezo galu wonyowa akukuyang'ana mwachisoni zimatalika, koma mukafulumira mwangotaya shampu.

Prednisolone uja musamugule nokha n'kumamupatsa, ndipo amasiyidwa pang'onopang'ono. Akamwa nthawi yaitali amawononga thupi. Ibuprofen wathuyu ndiye ayi ndithu, amaononga m'mimba ndi impso za galu.

Make Bingo:
Agogo, ndayesa za pepala zija. Madontho ofiira mbwee! Ndiye kuti zilipodi. Tili ndi mphaka amene amagona naye pamodzi, koma iye sadzikanda. Nayenso ndimuthire mankhwala omwewo?

Gogo wa Agalu:
Mphakayo alandire, n'kutheka ndi iyeyo akuzisunga, koma ake a amphaka. Mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amapha mphaka, ngakhale pongokhudzana ndi galu wothiridwa kumene, choncho werengani pa paketi. Khutu lija musalidikiritse miyezi itatuyo, ndipo musathiremo kanthu adokotala asanaone m'kati. Nthata zikatha koma mapazi akunyambitabe, pamenepo ndiye mukambirane nawo zimene anena a Bambo a Simba.