Ana ochokera ku Milange: tiwaike kalasi yanji?

Mphunzitsi wa Sitandade 4, Muloza
Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Sabata ino kwafika mayi wochokera ku Milange, ku Mozambique, ndi ana ake atatu, akukhala kwa achibale m'mudzi wapafupi ndi sukulu yathu. Kalata ya transifa alibe. Wamkulu ndi mtsikana wa zaka 13, akuti kwawo anali kalasi 5. Chichewa akumva, Chilomwe ndiye chake, koma Chingerezi palibe, poti kwawoko amaphunzira m'Chipwitikizi. Ena pano akuti akayambire Sitandade 2. Ine mtima ukukana. Inu munachitapo bwanji?

A hedi, Thyolo
Choyamba, alembeni m'kaundula lero lomwe, za kalata zibwere pambuyo. Gawo 25 la Malamulo a dziko lino likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wamaphunziro, silikufunsa kumene munthu anabadwira, ndipo pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994. Pemphani a mfumu alembe kakalata kotsimikiza kuti banjalo likukhala m'mudzi mwawo, kenako adziwitseni a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale a m'dera lanu.

Mphunzitsi wa Sitandade 6, Limbuli
Sitandade 2 ayi ndithu, mayi. Mtsikana wa zaka 13 pakati pa tiana ta zaka 7 satha teremu, manyazi amuthamangitsa, ndipo mukudziwa kumene amathera atsikana otere kuno: ganyu kapena banja. Muyeseni masamu, musamuyese Chingerezi. Mupatseni zochulukitsa ndi zogawa, funso mumuuze pakamwa m'Chichewa. Koma samalani pochonga. Ku Mozambique masamu ogawa amawayala mosiyana ndi ife, nambala yogawira amaiika kumanja, ndipo pomwe ife timaika dontho pa desimo iwo amaika koma. Ndinaonapo mnyamata atapatsidwa ziro pepala lonse chonsecho mayankho ake anali olondola. Yang'anani yankho.

Chinanso, mwana amene amawerenga Chipwitikizi amawerenga basi, zilembo ndi zomwezi. Mudzaona akulemba "nhumba" m'malo mwa "nyumba", chifukwa kwawo liwu limeneli amalilemba nh. Zimenezo ndi za masabata ochepa. Akachita bwino masamu, ine ndingamuike Sitandade 4, komwe Chichewa chikadagwirabe ntchito kwambiri m'kalasi, apeze chaka chathunthu chotolera Chingerezi asanakumane nacho m'maphunziro onse ku Sitandade 5.

Mphunzitsi wa Sitandade 4, Muloza
Zikomo bambo. Nanga poti akuti anali kalasi 5, kumuika 4 sikumubweza m'mbuyo?

Mphunzitsi wa Sitandade 6, Limbuli
Afunseni mayi ake ngati kalasi 5 anaimaliza. Kwawo chaka cha sukulu chimayamba cha mu February, ife September, ndiye kawirikawiri mwana amafika kuno ali pakati pa kalasi. Ngati anamaliza ndipo masamu akukhoza, 5 ndi yake, koma pakhale womuthandiza Chingerezi akaweruka. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 ndi a m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa.

Mphunzitsi wopuma, Chisitu
Ana anga, izi tinaziona nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene Malawi inasunga anthu oposa miliyoni imodzi mtendere usanabwere mu 1992. Nkhawa yanga ili pa mayiyo. Kholo longofika kumene limaopa ofesi iliyonse, limaganiza kuti dzina likalembedwa ndiye kuti alithamangitsa. Musamutumizire kalata. Amayi a mother group (gulu la amayi othandiza ana pasukulu) amene amayankhula Chilomwe apite kunyumba, akakhale pamphasa, akamuuze kuti sukulu silipitsa ndiponso kuti mwana sabwezedwa chifukwa cha yunifolomu. Ndipo musamufunse mwana pamaso pa anzake chifukwa chimene anachokera kwawo. Ena aona zoopsa.

A hedi, Thyolo
Zoona, agogo. Ngati pasukulu panu pali phala, onetsetsani kuti atatu onsewo ali ndi makapu kuyambira mawa. Mtsikanayo mumukhazike ndi mnzake wodekha wodziwa Chilomwe.

Mphunzitsi wa Sitandade 4, Muloza
Ndamuyesa m'mawawu. Pa masamu 10 wakhoza 8, ndipo ogawa wayaladi mwa kwawo. Mayi ake akuti kalasi 5 anaisiyira pakati, ndiye a hedi athu avomera kuti akhale m'kalasi mwanga. A mother group apitako Lachisanu. Aang'ono awiriwo ali ku Sitandade 1 ndi 2, koma wa zaka 6 sakuyankhula ndi aliyense, ngakhale m'Chilomwe. Aphunzitsi a infanti (makalasi a ana aang'ono), mwana wotere mumayamba naye bwanji?