Zithunzi zatsekeredwa mu laputopu yakale

Wofunsa, Ulónguè: Akuluakulu, laputopu yanga yakale inasiya kuyaka, koma muli zithunzi za malemu bambo anga ndi mapepala a munda. Kodi ndingazitulutse bwanji?

Yankho, Moatize: Pepani achimwene. Masulani hard drive (disiki yosunga mafayilo m'kati mwa laputopu), muone polumikizira pake ngati ndi ya mtundu wa SATA kapena wa IDE, yomwe imakhala ndi timano 44, kenako mugule adaputala yoyenera ya USB kuti muilumikize ku kompyuta ina. Windows ikapempha kuifomata (kufufuta zonse zili pa disikiyo), mukane.

Yankho, Furancungo: Ndiwonjezereko pang'ono. Disikiyo ikamalira kuti kete-kete, izimitseni msanga, chifukwa kuikakamiza kumakanda mbale zam'kati. Ikamazungulira bwino koma mafayilo osaoneka, yesani pulogalamu yaulere ya PhotoRec, ndipo zomwe yapulumutsa muzisungire pa disiki ina.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Loweruka ndikasaka adaputalayo mumzinda wa Tete.