Mpopi wa panja uli ndi mphamvu koma m'nyumba madzi akungodontha. Tigule pampu?

Make Mapasa, Chilomoni

Abale, ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama. Tikukhala ku Chilomoni chakumtunda, m'nyumba yakale imene anatisiyira apongozi. Chiyambireni chaka chatha madzi akhala akufooka pang'onopang'ono, moti pano za shawa tinaiwala. Tonse tikusambira m'beseni, chonsecho bilu ikubwera mwezi ndi mwezi.

Chikundizunguza mutu n'chakuti mpopi wa panja, womwe uli pafupi ndi mita, ukutulutsa bwinobwino. Dzulo ndinatenga ndowa ya malita 20 n'kumayang'ana nthawi pa foni. Panja inadzadza pa mphindi imodzi ndi theka. Ndowa yomweyo pa sinki ya kukhitchini inatenga mphindi 8. Kubafa sindinayese n'komwe, mtima sukanapirira. China, ukangotsegula mpopi wa kukhitchini madzi amayamba ndi ukali, phwaa, koma usanatsuke ndi kapu yomwe afooka kale, kwatsala kamzere. M'mawa oyambirira amatuluka ofiirira.

Bambo a kunyumba kuno akakamira zoti tigule pampu, ati mnzawo wa kuntchito anatero ndipo zinatheka. Ine ndikukayika. Pampuyo ikakankha chiyani, poti panja madziwo alipo?

Mnyamata wa ku Machinjiri

Mayi, ndi mmene ulili mzinda wathuwu. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera ku Shire, pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kuwapopa kukwera mtunda wonsewo. Ife a m'mapiri timalandira otsala. Kwathu amabwera ndi mphamvu cha m'ma 2 koloko usiku anthu akagona. Gulani thanki basi, muzisunga.

Pulambala wopuma, Ndirande

Achimwene a ku Machinjiri, za Walker's Ferry simunaname, koma matenda a mayiwa ndi ena. Akanakhala kuti madzi akufika ofooka kuchokera kumsewu, mpopi wa panja ukanayamba ndiwo kulira. Malita 20 pa mphindi imodzi ndi theka ndi madzi okwanira banja lonse.

Mayi, inu mwagwira kale theka la ntchito yanga ndi ndowa yanuyo. Pampu musagule. Kaphwaa kamene mukunenako ndiye umboni. Mpopi ukakhala wotseka, mphamvu imadzadzana pang'onopang'ono mpaka kufika kukhitchini, ngakhale njira itachepa bwanji. Mukatsegula, yodzadzanayo imatuluka kamodzi, kenaka mumatsala ndi timadzi timene tikukwanitsa kudutsa pothinapo. Zili ngati anthu akuweruka m'tchalitchi chitseko chimodzi chokha chili chotsegula: anthu ndi ambiri, koma panja akutuluka mmodzimmodzi. Mukaika pampu, mwangowonjezera okankha kumbuyo, khomo lili lomwelo.

Nyumba za zaka zimenezo tinkaika mapaipi achitsulo aja a galavanaizi, kawirikawiri a hafu inchi. Kunja amaoneka amoyo, koma m'kati dzimbiri limamera ngati njerewere mpaka bowo kutsala loti n'kulowa pensulo yokha. Ndadulapo ena oti ukayang'ana kudzuwa suona kuwala. Madzi ofiirira a m'mawawo ndi dzimbiri lomwelo, lagona m'paipi usiku wonse. Limakonda kwambiri pokhota, pa ma elibo, ndi pamene chitsulo chalumikizana ndi kopa.

Koma musathamangire kukumba. Yambani ndi zotchipa. Tsatirani paipi kuchokera pa mita mpaka pomwe yalowa m'khoma, mufufuze valavu yotsekera madzi, ya kachiwongolero kozungulira ija. Mavalavu amenewa akakalamba, kachitseko ka m'kati kamatha kuthothoka n'kutsalira pakati, inu n'kumapotokola chiwongolero mukuganiza kuti mwatsegula. Ikamangozungulira osalimba mbali iliyonse, yafa. Kenaka yesani ndowa pa mpopi uliwonse, kuyambira wapafupi ndi mita kumka kutali, muzilemba. Vuto lili pakati pa mpopi womaliza wamphamvu ndi woyamba wofooka. Pamenepo ndi pomwe munthu akumbe, osati bwalo lonse.

Nachisale wa ku Area 25

Achemwali, bambo a ku Ndirandewa anena zoona, ine ndingowonjezera za kwathu ku Lilongwe kuno. Tinavutika miyezi itatu ndi sinki, kufika poitana munthu n'kutiuza kuti tigumule matailosi. Mwana wanga wa Folomu 2 ndi amene anapotokola kukamwa kwa mpopi n'kupeza kasefa kodzadza mchenga ndi tizidutswa ta tepi yoyera ija amakulunga polumikiza. Mchengawo unalowa nthawi imene ankakonza paipi yophulika kumsewu. Anakatsuka ndi mswachi wakale, basi madzi bwerere. Ndinachita manyazi ndi ndalama imene ndinatsala pang'ono kupereka.

Ndiye masulani tisefa tonse. Mutu wa shawa muuchotse, mutsegule madzi opanda mutuwo muone kusiyana kwake. Ngati timabowo tatsekeka ndi zoyera zija, uviikeni mu vinega usiku umodzi. Suzumiraninso pansi pa sinki, timapaipi tofewa tija timapindika munthu akakankhirako ndowa.

Chinanso yesani usiku: tsekani mipopi yonse, onetsetsani kuti thanki ya kutoileti yadzadza, muwerenge manambala a pa mita ndi kuwajambula pa foni. M'mawa musanatsegule kalikonse mukaonenso. Akasuntha, madzi akutayikira pansi penapake, ndipo inu mukulipirira kuthirira nthaka. Mita yeniyeniyo musaimasule nokha, ili ndi chidindo, mungadziputire mlandu. Ikakhala ndi vuto kauzeni eni ake.

Mnyamata wa ku Machinjiri

Chabwino ndagonja, koma thanki ndiye sindisintha mawu. Tsiku lomwe adzatseke madzi masiku atatu mudzandikumbuka.

Pulambala wopuma, Ndirande

Thanki ndi yabwino posunga, mphwanga, palibe akukana. Koma anthu amakhumudwa akaiika n'kupeza shawa ikadali yaulesi. Mphamvu ya madzi a m'thanki imachokera pa kutalika kokha, osati kukula kwa thankiyo. Kukwera mamita 10 ndiye kumapereka bar imodzi, womwe ndi muyeso wa mphamvu ya madzi. Thanki ya malita 5,000 itakhala pa chithandala cha mamita atatu, mutu wa shawa uli pa mamita awiri, mwatsala ndi mphamvu yochepa zedi, ndipo ikadutsenso m'mapaipi adzimbiri amenewa? Ng'o.

Ndipo amene afunadi pampu, aiike kutsogolo kwa thanki, izikoka m'thankimo. Kuilumikiza mwachindunji ku paipi ya kumsewu n'kulanda madzi a anansi, komanso imatha kuyamwa zonyansa kudzera m'malo othonya a pansi pa nthaka. Tsiku lomwe madzi asiya inu muli ku ntchito, imazungulira youma mpaka kupsa.

Make Mapasa, Chilomoni

Ndabwera ndi lipoti. Tisefa ndinatsuka Lachisanu, munali mchenga ndithu, koma ndowa inangotsika kuchoka pa mphindi 8 kufika pa 7. Mita usiku sinasunthe, ndiye kutayikira kulibe.

Loweruka tinayamba kusaka valavu. Palibe ankadziwa kuti ilipo. Tinakaipeza kuseri kwa khitchini, yokwiririka pansi pa maluwa amene apongozi anabzala, m'kabokosi ka njerwa kodzadza dothi ndi nyerere. Chiwongolero chake chimangozungulira ngati mmene munanenera, bambo. Tinaitana mnyamata wa bobojani, anaimasula movutikira, ndipo paipi yomwe inalumikizidwa pamenepo inathyokera m'manja mwake. Ndinayesa kulowetsa chala chaching'ono m'bowo, chinakana. M'kati monse muli zotupatupa zofiirira, ukagogoda zikugwa ngati chiponde chouma.

Tasintha valavu, ndipo kuchokera pa mita mpaka pakhoma taika paipi yakuda yapulasitiki, yokulirapo kuposa yakaleyo, mamita 14. Pano ndowa kukhitchini ikudzadza pa mphindi ziwiri ndi theka. Shawa yayamba kugwa, ngakhale wina akatsegula sinki imafookabe, ndiye ndikudziwa kuti mapaipi a m'khoma nawonso akudikira tsiku lawo. Zimenezo tiona tikalandira ya mwezi wa mawa.

Kachidutswa ka paipi yakale ndakasunga. Ndinakaika patebulo bambo a kunyumba kuno akudya nsima, osanena kanthu. Anakatembenuza kawiri, kukasuzumira, kenaka n'kufunsa ngati ndiwo zatsalako.

Bambo a ku Ndirande, funso lina: a m'khomawo n'kofunika kugumula, kapena tingadutse kunja kwa khoma n'kubowola pa bafa pokha?