Ndimayamba ndi moto, pakatha masabata awiri ndazirala. Anzanga mumatani?

Membala wobisa dzina:

A gulu, ndabisa dzina chifukwa muno muli anthu amene ndinawauza kuti chaka chino ndilemba mayeso. Ndine mayi wa zaka 34, ndimagwira ntchito tsiku lonse, ndipo pali maphunziro a akawunti amene ndinayamba mu 2021. Anditsalira mayeso awiri okha. Awiri! Koma ndasuntha kale tsiku lolemba kawiri konse.

Sikuti sindikonza mapulani ayi. Mu Januwale ndinagula kope latsopano lachikuto cholimba, n'kulemba ndandanda ndi zolembera za mitundu itatu: kudzuka 4 koloko, kuwerenga maola awiri, madzulo ola linanso, Loweruka mafunso a mayeso akale. Ndinawonjezapo kuthamanga katatu pa sabata ndi kuzimitsa foni 9 koloko usiku, poti ndinkati munthu ukafuna kusintha uzisinthiratu. Pepala lina ndinamata pakhoma kuti ndizichonga tsiku lililonse. Ndinachonga masiku 11. Usiku wotsatira mwana anatentha thupi, m'mawa sindinadzuke. Mawa lake ndinati sabata ino yawonongeka kale, ndidzayambiranso Lolemba. Lolembalo mpaka lero silinafike.

Dzulo ndikukonza m'nyumba ndapeza makope anayi otere. Lililonse lalembedwa masamba osakwana khumi, kwinako mbee. Ndinayamba kuseka, kenako ndinangoona misozi ili mbwembwembwe.

Inu amene munamalizapo chinthu chotenga miyezi yambiri, munkakonza bwanji? Chonde musandiuze kuti "limbikirani". Mawu amenewo ndimadziuza ndekha tsiku lililonse.

Bambo wa mapasa:

Achemwali, makope anayi okha? Ine ndili ndi asanu ndi awiri, ana akujambulamo magalimoto. Ndakhala pansi, ndikudikira nawo mayankho.

Mphunzitsi wopuma:

Mayi, ndiyambe ndi funso: mumagona nthawi yanji?

Membala wobisa dzina:

Cha m'ma 11, aphunzitsi. Nthawi zina 12.

Mphunzitsi wopuma:

Ndiye ndandanda yanuyo munalembera munthu wina, osati inu. Munalembera mayi amene mwana wake sadwala, amene kuntchito samuchedwetsa, amene tulo ta maola anayi kapena asanu timamukwanira. Mayi ameneyo ine sindinamuonepo. Masiku 11 aja munayendera chisangalalo cha kope latsopano, ndipo chisangalalo chimatha msanga.

Si inu nokha. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky analemba kale mu 1979 kuti anthufe timachepetsa nthawi imene ntchito idzatitengere, ngakhale titapsapo kale ndi ntchito yofanana nayo. Mu 1994 ofufuza ena ku Canada anafunsa ophunzira a ku yunivesite kuti amaliza liti kulemba kafukufuku wawo womaliza. Iwo anati masiku pafupifupi 34. Zinawatengera masiku oposa 55. Ine ana anga a sukulu ndinkawauza kuti asafunse "ndingathe zingati", azifunsa "ulendo watha ndinatha zingati". Tsegulani makope anayiwo, ndiwo mboni zanu. Onani zimene munkachitadi pa tsiku lotopetsa, ndipo ndandanda yatsopano muimange pamenepo. Kuthamanga ndi nkhani ya foni zidikire kaye. Mayeso ali ndi tsiku lake, zinazo zilibe.

Namwino wa usiku:

Ine chimene chandigwira mtima ndi tsiku la 13, osati la 12. La 12 mwana anadwala, palibe mlandu. La 13 ndi limene munadziweruza nokha.

Mwina munamvapo zoti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 kwa masabata 12, aliyense akuyesa kuzolowera kanthu kamodzi katsopano. Ena zinawatengera masiku 18, ena zinkaoneka kuti zifuna mpaka 254, ndipo wapakati anali pa masiku 66. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunawononge chilichonse chooneka. Ndiye inu pa tsiku la 11 munali musanafike n'komwe pamene zinthu zimayamba kuyenda zokha.

Ine ndinamaliza maphunziro anga ndikugwira ntchito usiku. Ndinali ndi miyeso iwiri. Tsiku labwino, ola limodzi. Tsiku loipa, funso limodzi la mayeso akale, ngakhale nditaimirira, basi ndachonga. Manyazi ndinali nawo poyamba, kuti funso limodzi n'chiyani. Koma masiku ambiri ndikayankha limodzilo ndinkapezeka ndafika lachitatu.

Wokonda masamu:

Pepani a namwino, apa ndikutsutsani pang'ono. Funso limodzi pa tsiku silingamalize silabasi. Tisawanamize achemwaliwa. Awerenge mitu imene yatsala, awerenge masabata amene atsala kufika tsiku la mayeso, achotsepo masabata atatu obwereza ndi ena awiri a matenda ndi zadzidzidzi, kenako agawe. Nambala imene ituluke ndiyo ntchito ya pa sabata. Ikachuluka, alembe mayeso amodzi okha ulendo uno.

Namwino wa usiku:

Sitikutsutsana achimwene. Inu mukunena za sabata, ine za tsiku limene zonse zasokonekera. Funso limodzilo ntchito yake si kumaliza silabasi, ndi kuti buku lisazizire mpaka Lolemba.

Mlongo wanu kutali:

Ndiwonjezepo kanthu kamene kanandithandiza. Katswiri wina wa za maganizo, Peter Gollwitzer, wakhala akufufuza za mapulani olembedwa m'njira ya "zikatere, ndichita chakuti". Kungolemba kuti "ndiziwerenga madzulo" n'kosiyana ndi kulemba kuti "mwana akangogona, ndikhala patebulo n'kutsegula mutu 6". Nthawi, malo ndi ntchito zimakhala zasankhidwa kale, moti ukatopa sumayambanso kukambirana ndi mtima wako. Lembaninso chimodzi cha pa mavuto: "ndikaphonya lero, mawa pa nthawi yopuma kuntchito ndiyankha funso limodzi."

Ndipo za anthu amene munawauza aja, samalani. Gollwitzer yemweyo ndi anzake anapeza mu 2009 kuti ophunzira amene zolinga zawo zinadziwika kwa ena anachita zochepa poyerekeza ndi amene sizinadziwike. Anthu akakuyamikira usanachite kanthu, mtima umakhuta ngati wachita kale. Ine ndinasiya kulengeza pa Facebook. Ndili ndi mnzanga mmodzi yekha amene Lachisanu lililonse ndimamutumizira chithunzi cha zimene ndalemba sabatayo, osati zimene ndidzalembe.

Bambo wa mapasa:

Ndiye mukuti ndisagule kope lachisanu ndi chitatu? Ndinali nditaliona kale labwino, lokhala ndi kachingwe.

Membala wobisa dzina:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. A masamu, ndagawa monga munanenera ndipo nambala yake yandiopsa: mayeso onse awiri akufuna mitu itatu pa sabata, pamene m'makope muja ndaona kuti sindinapyolepo umodzi ndi theka. Ndilemba amodzi okha, enawo ulendo wina. Zandiwawa, koma ndasankha. Za 4 koloko ndasiya, ndiziwerenga mwana akagona. Pepala lapakhoma ndamatula, ndipo ndikupitiriza m'kope la mu Januwale lomwelo, kuyambira tsamba 9.

Chatsala n'chimodzi. Munthu wa Lachisanu uja ndilibe, ndipo amuna anga ndi achifundo kwambiri, amangoti "pumulani, mwatopa". Alipo muno amene akukonzekeranso mayeso?

Wokonda masamu:

Ine ndilipo, achemwali, koma ndine wovuta. Lachisanu chithunzi chikapanda kufika pofika 8 koloko, ndidzakufunsani pagulu pano.