Andale anafika mpaka paguwa, pano abusa akuti ndilembe kalata. Nditani?

Membala wobisa dzina:
A admin chonde ndibiseni dzina, kwathu kuno ndine wodziwika. Ndikufuna nzeru makamaka kwa inu amene munakhalapo mu komiti ya mpingo.

Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko pa tchalitchi china cha kumbali ya Chamama, dzina la mpingo sinditchula. Tikumanga kachisi watsopano, njerwa tinaumba tokha, mchenga amayi anatuta pamutu, makoma anafika pa lintala koma denga ndiye latikanika, nonse mukudziwa mmene malata anakwerera kwacha itagwa mu November 2023 muja. Ndiye nthawi ya kampeni ya chisankho cha pa 16 September 2025 tinachita Pepa Sande ndipo abusa anati tiyitane mlendo wolemekezeka. Kunabwera mkulu wina wachipani, iyeyo sankapikisana nawo koma anati watumidwa ndi kandideti wawo wa upulezidenti. Anapereka envelopu pamaso pa aliyense nkulonjeza kuti malata onse abwera voti ikangodutsa. Mpaka apo ine ndinalibe nazo vuto.

Zinandivuta ndi zotsatira zake. Anapatsidwa maiki paguwa penipeni, analankhula nthawi yaitali kuposa ulaliki, kenaka abusa anamugwaditsa nkumusanjika manja nkunena kuti Mulungu wasankha kale mtsogoleri wa dziko lino, amene avotere wina akulimbana ndi kumwamba. Sabata yotsatira kwaya ya amayi inatengedwa pa lole kukaimba ku msonkhano wa chipanicho atavala yunifolomu ya mpingo. Kaya anawina kaya analuza musandifunse mungadziwe chipani, chimene ndingakuuzeni nchakuti malata sanabwere ndipo nambala ya mkulu uja siyikupezekanso. Mabanja ena amene amatsatira zipani zina anasiya kubwera kuyambira tsiku lomwelo, mmodzi mwa iwo ndi bambo amene ankatibwereka ngolo ulere komanso akagulitsa fodya ku Chinkhoma chakhumi chawo ndi chimene chimagula simenti.

Pano abusa andiuza kuti ndilembe kalata ya mpingo yokumbutsa za malata, ndipo mawu andipatsa okha, akuti mukhale chiganizo chakuti mpingo wathu wonse unakuvoterani monga tinagwirizana. Abale, tinagwirizana liti? Komiti sinakhalepo pansi pa nkhaniyi, ndipo amene aliyense anachonga ndi chinsinsi chake. Siginecha pansipo ikhala yanga. Ndikane? Nanga ndikakana sindioneka ngati ndikuderera mtumiki wa Mulungu? Mkazi wanga akuti ndingolemba nkhani ithe poti mvula ikagwanso makoma aja ayamba kugumuka. Komanso mu mtima mwanga ndikufuna kukapempha komiti kuti tikhazikitse lamulo la andale mtchalitchi chisankho cha 2030 chisanafike, koma sindikudziwa kuti lamulo lotere limalembedwa bwanji osaoneka ngati ukuthamangitsa anthu mnyumba ya Mulungu.

Mnyamata wa Kabaza pa Boma:
Kkkkk achimwene malata amenewo aiwaleni. Andale ali ngati mavenda a soya, sikelo amabwera nayo nthawi yokolola yokha.

Mayi Awiri ku Wimbe:
Musalembe bodza bambo. Lembani kalata yokumbutsa lonjezo basi, tsiku limene anabwera ndi zimene ananena pamaso pa anthu. Chiganizo cha voticho chichotseni. Abusa akachifunitsitsa asayine okha.

Mtumiki Wamoto:
Inu a mlembi samalani. Werengani Salimo 105 vesi 15 musanayambe kulimbana ndi odzozedwa. Mbusa amaona zimene inu simuona, ndipo nayenso ndi nzika ya Malawi ali ndi ufulu wonena maganizo ake. Nanga mmene maepiskopi amalemba makalata odzudzula boma bwanji simunena kuti alowa ndale?

Mphunzitsi Wopuma ku Santhe:
A Mtumiki mwafunsa funso labwino koma mwasakaniza zinthu ziwiri. Ine 1992 ndinali kale pantchito. Pa 8 March chaka chimenecho kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi dziko lonse, ndipo kwa ife a ku Kasungu, kwawo kwa Ngwazi, zinali zoopsa kwambiri kungoigwira m'manja. Kalata ija inanena za malipiro ochepa a anthu apantchito, za masukulu ndi zipatala, za anthu omangidwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha amene tinali nawo polankhula. Simunalembedwe kuti voterani uje. Boma linakwiya mpaka Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa mdziko muno. Chaka chomwecho mipingo, Asilamu ndi ena anapanga bungwe la PAC (Public Affairs Committee), kenaka riferendamu ya zipani zambiri ya pa 14 June 1993. Mu 2002 a Muluzi akufuna kusintha malamulo kuti aimenso, mipingo inakananso, ndipo bilu ija inagwa ku palamenti. Mu February 2024 maepiskopi omwewo anauza boma la a Chakwera, amene ndi m'busa, kuti mmalo mofika ku Kenani anthu afika ku Bagamoyo, doko la ku Tanzania kumene kale ankapititsa akapolo. Mukuona, Kamuzu anali mkulu wa mpingo, Muluzi Msilamu, Chakwera m'busa, onse anadzudzulidwa. Mpingo umatha kutero chifukwa sunalandire envelopu paguwa nkulonjeza mavoti. Abusa a mlembiwa mawa feteleza wa sabuside akapanda kufika adzadzudzula ndi pakamwa pati?

Mtumiki Wamoto:
Ndiye mukuti Mulungu sangaululire mtumiki wake amene adzawine?

Mphunzitsi Wopuma ku Santhe:
Chisankho chilichonse aneneri amalosera, wina uyu wina uyo, onse akuti amva kumwamba. Zotsatira zikatuluka theka la iwo limangoti zii, mavidiyo kufufuta. Ine za Mulungu sindikutsutsa, ndikutsutsa zoopseza nkhalamba ya kumudzi kuti ikachonga pena yachimwa.

Nachisale wa ku Nkhamenya:
Ine ndiyankhulireko amayi a kwaya chifukwa palibe akutikumbukira apa. Kwathunso zinachitika. Amakuuzani kuti tikukatumikira, mukwera lole mmawa osadya, mukaima padzuwa tsiku lonse, pobwerera chitenje ndi ka transipoti, ena osalandira nkomwe nkuyamba kukangana mu kwaya momwemo kuti atsogoleri adya. Yunifolomu ija timaikidwa nayo mmanda abale, si yovinira pa msonkhano. Amene akufuna kukavina apite ndi chitenje chake cha chipani, ndi ufulu wake. Mu lamulo lanulo a mlembi muyambe ndi limenelo.

Mwini positi:
Mayi mwanditsegula maso, za yunifolomu ndizilemba. Mkazi wanganso ali mu kwayamo ndiye mutha kuona mmene nkhaniyi ilili kunyumba.

Wa Malamulo Pang'ono:
Chinanso chimene anthu sakuchidziwa, lamulo la zipani la 2018 linaletsa mahandauti, kandideti kapena chipani sakuyenera kugawa ndalama kapena katundu kuti anthu amuvotere, ndipo madandaulo amapita kwa mlembi wa zipani za ndale. Ndiye taganizani, inu mukulemba ndi dzanja lanu, pa pepala la mpingo, ndi chidindo, kuti tinagwirizana mavoti posinthana ndi malata. Kalata imeneyo ikadzagwera mmanja mwa munthu wa chipani china mudzaipeza pa Facebook pano ndi dzina lanu pansi, abusa sadzaonekapo. Ine ndikanakhala inu sindikanayerekeza.

Sheikh Wamng'ono pa Msika:
Ndiloleni ndiyankheko ngakhale ndine Msilamu. Kwathunso amabwera Lachisanu, ena kuvala mkanjo ndi kofiya kumene koma chisankho chikatha osawaonanso. Koma nkhani ya chipembedzo pa kampeni ife timaiopa chifukwa tikudziwa kumene imathera. Nthawi ya a Muluzi kunkamveka zoti akufuna dziko lonse lisanduke la Chisilamu, ndipo zotsatira za 1999 zitatuluka mizikiti ina kumpoto inatenthedwa. Anatenthawo sanayambe tsiku limenelo, anali atamva kwa nthawi yaitali kuti voti ndi nkhondo ya Mulungu. Ndiye mawu a abusa anu aja akuti wovotera wina akulimbana ndi kumwamba musawaone ngati nthabwala.

Mwana wa ku Mchinji:
Zoona a Sheikh. Agogo anga anali a Mboni za Yehova. Mpingo wawo unaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, mu 1972 anawoloka malire kuthawira ku Zambia kusiya munda ndi mbuzi, chiletso chinachoka mu 1993. Ine sindine wa Mboni ndipo ndimavota, koma ndikamva kuti mpingo wonse ukhale wa chipani chimodzi thupi limachita tsemwe.

Che Fodya Wanga:
Inu mukukokomeza. Tchalitchi chilibe denga, munthu wabwera ndi ndalama, mukane? Idyani ndalama, voti ndi mu mtima. Aliyense amatero.

Mayi Awiri ku Wimbe:
Achimwene werenganinso positi. Ndalama analandira, denga palibe, ndipo a ngolo ndi a simenti athawa. Ndiye adya chani pamenepa?

Mkulu wa Mpingo ku Mtunthama:
A mlembi, ine ndakhala mu utsogoleri wa mpingo nthawi yaitali ndiye ndikuuzeni mmene tinachitira kwathu. Choyamba mvetsani chifukwa chake amabwera. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti Akatolika ndi pafupifupi 17 pa anthu 100 alionse, a CCAP 14, Asilamu 14, otsalawo amwazikana mmipingo yambirimbiri. Chiyambire chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020 pulezidenti akuyenera kupeza mavoti opitirira theka. Ndiye palibe mpingo umene pawokha ungaike munthu ku State House, nchifukwa chake mumawaona Loweruka ku Seventh Day, Lamulungu mmawa ku misa, masana ku Pepa Sande kwa inu. Akufuna malo amene anthu asonkhana kale osalipira lole, ndiponso akufuna chithunzi atagwada. Kwa inu sanabwere chifukwa chokukondani, mawa lake anali kwina akulonjezanso malata omwewo.

Ndipo ubusa pawokha suwinitsa. A Chakwera anatsogolera Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013, koma onani, polowa ndale udindo umenewo anatula kaye. Anawina mu June 2020 ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100, mu 2025 anapeza 33 a Mutharika nkupeza pafupifupi 57. Munthu ndi yemweyo, Baibulo lomwelo. Anthu anayang'ana mtengo wa chimanga, mizere ya mafuta ndi thumba la feteleza.

Lamulo lathu ndi lalifupi. Wandale aliyense ndi wolandiridwa kudzapemphera, amakhala pa benchi ngati wina aliyense, pa zolengeza mlembi amatchula kuti tili ndi mlendo, amaimirira nkukhala pansi. Maiki ayi. Mphatso amapereka kwa msungichuma, risiti imalembedwa, ndipo imalengezedwa limodzi ndi za akhristu ena onse. Kupempherera timapempherera dziko ndi onse opikisana, osati mmodzi. Akafuna kulankhula ndi anthu pali bwalo la sukulu, kapena apite ku mitsutso imene a NICE, bungwe lophunzitsa anthu za chisankho, amakonza kumene onse amakhala pamodzi nkufunsidwa mafunso. Polemba lamulolo tinatsamira pa Yakobo mutu 2, pamene akukamba za kupatsa wolemera mpando wabwino wosauka nkumukhazika pansi, ndiye palibe anatsutsa.

Koma musakayambe ndi lamulo, ndipo musakawayalutse abusa pagulu. Tengani mkulu mmodzi amene iwo amamulemekeza mupite kunyumba kwawo madzulo, muwauze kuti kalata ya mpingo imatuluka ndi chilolezo cha komiti ndiye muiike pa ajenda. Zikakanika pamenepo mpingo uliwonse uli ndi akuluakulu apamwamba.

Mwini positi:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Pali china sindinanene. Tsiku lija mkulu uja analengeza pa maiki kuti mu envelopu muli 1 miliyoni, anthu kululutira. Titawerenga ndi a msungichuma mu vesitile tinapeza K600,000. Tinalemba zimene tinapeza koma mpingo mpaka lero ukudziwa za 1 miliyoni, ndipo manong'onong'o ayamba akuti komiti inadya.

Wa Malamulo Pang'ono:
Eee bambo, imeneyi ndiye nkhani yaikulu kuposa kalata. Munawerenga muli angati? Alipo anasayina?

Mwini positi:
Tinali atatu, ine, a msungichuma ndi mayi wapampando wa amayi. Tonse tinasayina mu buku. Abusa anati tisalengeze kuopa kuchititsa manyazi mlendo.

Mnyamata wa Kabaza pa Boma:
Mlendo asachite manyazi koma inu mutchedwe akuba kkkk dziko ili.

Mkulu wa Mpingo ku Mtunthama:
Lengezani Lamulungu likubwerali, buku lili mmanja, atatu nonse mutaimirira kutsogolo. Osatchula chipani, osanyoza munthu, mungoti pa Pepa Sande tinalandira zakuti, tagula zakuti, zatsala zakuti. Mukatero mupite kwa bambo a ngolo aja ndi buku lomwelo. Musatume mwana kapena kuwalembera pa WhatsApp, mupite nokha ndi akulu awiri.

Nachisale wa ku Nkhamenya:
Za denga, kwathu tinachita banja lililonse lata limodzi pokolola, osakwanitsa amabweretsa ndowa ya soya kapena mtedza komiti nkugulitsa pamodzi. Zinatenga nyengo ziwiri. Pakadali pano pamwamba pa makomapo phimbani ndi pulasitiki wakuda uja wa mmashedi a fodya, mutsindike ndi njerwa, madzi asalowe mkati mwa khoma.

Mwini positi:
Pulasitiki alipo kwa a msungichuma. Ndawaimbira, akuti Lachinayi tikaonane ndi abusa tisanapite ku komiti. A ku Mtunthama ndakutumizirani uthenga ku inbox, mundijambulireko tsamba la lamulo lanulo.